Ndiwo Zimene a Chikopa Anandisungira

Lamulungu lapitali ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi chathu kuno ku Rotherham kukataya madzi otsukira makapu, ndipo ndinapeza zitaphuka. M'mbali mwa khoma la njerwa, pamene dzuwa silifika bwinobwino, timitu tobiriwira tinali titasuzumira m'dothi, tonse topindika. Ndinaima pamenepo beseni lili m'manja mpaka mayi wina anachita kundiitana pazenera. Aka n'koyamba kuti ziphuke a Chikopa kulibe. Anatisiya mu Febuluwale.

Zomera zimenezi eni dziko amazitcha feni, ndipo amazidzala pongofuna kukongoletsa pakhomo. Zikamatuluka kumene m'dothi nsonga zake zimakhala zokulungika, ndipo pali mtundu wina umene nsonga zimenezo zimadyedwa. A Chikopa anati dzina loti feni silikoma pakamwa, iwo n'kuzitcha michira ya birimankhwe. Mpingo wonse unatengera pomwepo. Ngakhale ana obadwira kuno, amene Chichewa chimawalemera lilime, amatchula birimankhwe osaphonya.

Anali bambo wamfupi, wadazi, woyenda mwachangu ngati wasiya mphika pamoto. Jekete ndi tayi sizinkawachoka, ngakhale popita kukagula anyezi. M'thumba la pamtima, mmene anzawo amaikamo cholembera, iwo ankaikamo supuni yaing'ono. Akafika pamene pakuphikidwa, kaya ndi pakhomo pa munthu amene angodziwana naye dzulo, ankaitulutsa, kutunga msuzi, kudontheza pachikhatho, kunyambita, kenako kuyang'ana kudenga. Azimayife tinkadikira chigamulo. Akakhala chete ndiye kuti mwakhoza. Akatsokomola, dziwani kuti mchere mwaulakwa.

Anali khukhi. Anaphika zaka zoposa makumi atatu m'nyumba ya mabwana pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ndipo simukanatha mphindi zisanu muli nawo asanakuuzeni zimenezi. Ankati anadyetsa azungu, amwenye ndi alendo a boma omwe, koma m'zaka zonsezo palibe ngakhale mmodzi amene anadzuka patebulo pawo n'kuthamangira kuchimbudzi. Ponena mawu amenewa ankamenya pathumba pali supuni paja. Imeneyo ndiyo inali satifiketi yawo, chifukwa ina analibe.

Kuno anabwera kudzadwazika mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinati, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Esinati sanachire. Tinamuika ku Sheffield, ndipo bambo ake anakana kubwerera kumudzi. Anapempha boma kuti liwalole kukhala. Za nkhani imeneyo sindidziwa zambiri, popeza iwo sankakonda kuikamba, koma ndikudziwa kuti yankho silinkabwera, chaka chino, chaka chamawa, zii. Anawapatsa chipinda m'nyumba ya abambo asanu ndi awiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ntchito sankaloledwa kugwira. Tangoganizani, munthu amene manja ake anazolowera mpeni kuyambira m'mamawa, n'kumuuza kuti khalani pansi muzidikira kalata! Chimene chinawatsalira chinali Loweruka, tsiku limene ankakwera basi kukaona manda a mwana wawo, ndi Lamulungu loyamba la mwezi, pamene timadyera pamodzi mu holo ya tchalitchi, aliyense atabwera ndi mphika wake.

Ndiye pa Lamulungu limenelo, eee, munkawadziwa kuti a Chikopa ndani. Ankati ife a ku England tinaiwala kuphika, timangomiza ndiwo m'mafuta ngati tikuzibatiza. Ankati amene amathira soda m'masamba ndi munthu wosadziwa kudikira. Mphika wawo unali ndi malo ake, kumapeto kwa tebulo cha kuzenera, pa kansalu kopinda kanayi. Tsiku lina Mayi Nachisale, amene amatsogolera azimayi pampingo pathu, anausuntha n'kuikapo mpunga wawo. Anthu awiri akuluakulu amenewo anatha mwezi wathunthu osapatsana moni, akumangotumizirana mawu kudzera mwa ena, ali m'chipinda chimodzi chomwecho.

Ine ankanditcha a Sisitala, poti ndine namwino, ndipo ankalitchula mokoka, mondiseka. Pa nkhani zenizeni ankati mwana wanga. Mwana wanga wamkazi, Tadala, ankawatcha agogo. Iwo ankamulankhula Chichewa, iye n'kumayankha Chingerezi, ndipo aliyense ankachoka atakhutira kuti mnzake wamva.

Zaka zinayi zomaliza za moyo wawo, mwezi wa Meyi ukafika, ankandiyandikira pambuyo pa mapemphero ndi kachikwama kosungira zozizira. Ankakatsegula pang'ono kuti ndione timapaketi tobiriwira, touma gwa ndi ayezi.

"A Sisitala, izi ndi zanu."

"Zikomo kwambiri, bambo. Koma firiza yanga yadzaza, mulibe poika."

"Palibe kanthu. Ndikusungirani."

Ankatseka kachikwamako, kuwerama pang'ono, n'kuthamangira basi kuti zisasungunuke panjira. Chaka chilichonse mawu anali omwewo, anga ndi awo. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndibwerere m'mbuyo.

Amene anawaonetsa michira ya birimankhwe anali a Rai, bambo wina wa ku Nepal amene ankakhala nawo nyumba imodzi. Awiriwa ankamvana ndi Chingerezi chothyokathyoka ndi manja. Tsiku lina a Rai anabwera kudzathandiza kusesa pabwalo la tchalitchi, ndipo ataona zomera zija kuseri anagwada pansi, misozi ili lengelenge. Kwawo ndi ndiwo. Ndiwo anaphunzitsa a Chikopa kuti si feni iliyonse imene imadyedwa: zaubweya zomera m'mapiri zija n'zoopsa, osazikhudza. Zodyedwa zili ndi phesi losalala lokhala ndi kangalande mkati, ndi kakhungu kofiirira konga ka anyezi. Pa tsinde lililonse muthyolepo ziwiri kapena zitatu, zina muzisiye. A Chikopa anamvetsera zonsezo, kenako anachita zimene mwana wa ku Mulanje aliyense akanachita. Anazitendera. Nsinjiro, tomato, kamchere, basi. Chaka choyamba anthu anachita kukanganirana zokanda m'munsi mwa mphika, ine ndemwe ndinabwereza.

Vuto linali kosunga. M'nyumba mwawo muja firiji inali imodzi, abambo asanu ndi awiri, aliyense theka la shelefu. Ukaikamo kanthu kokoma, mawa upeza kachepa, ndipo aliyense akulumbira m'chilankhulo chake kuti si iye. A Chikopa anatopa nazo. Anayamba kuika miphika yawo kunja kwa zenera la chipinda chawo, pa kakhonde ka simenti, n'kutsindira chivindikiro ndi njerwa kuopa mbalame. Ankati England yense ndi firiji, Mulungu anamulumikiza yekha kumagetsi. Komanso ankakhulupirira nzeru yakwathu ija, yoti ndiwo ukazitenthetsa m'mawa ndi madzulo sizisasa. Kunena zoona, nyengo yozizira yonse zinkawayendera. Koma michira ya birimankhwe simera nyengo yozizira.

Chaka chachiwiri anathyola Lachinayi n'kuphika Lachisanu, chifukwa Loweruka linali la Esinati. Anaika mphika pazenera, njerwa pamwamba, n'kupita ku Sheffield. Loweruka limenelo dzuwa linawala ngati talipempha, dzuwa loti azungu kuvula malaya m'mapaki. Zenera lawo linali loyang'ana kumene dzuwa limakhala masana onse, ndipo ndiwo zotendera mukuzidziwa inu, sizichedwa. Lamulungu m'mawa ananunkhiza, analawa ndi supuni yawo, anafunditsa pang'ono, n'kukulunga mphika m'nsalu.

Tadala anali ndi zaka zisanu. Anadya kawiri, agogo ake akumuwonjezera monyadira. Dzuwa lisanalowe anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Pofika Lolemba maso anali atalowa, milomo itauma, osalira n'komwe. Anamugoneka pa chipatala chomwe ndimagwira ntchito, n'kumuika diripi. Ine amene ndimabaya anthu tsiku ndi tsiku ndinalephera kuyang'ana pamene ankasaka mtsempha pa kadzanja kake. Dokotala anandifunsa kuti mwana wadya chiyani, ndipo ndinachita kufotokoza za feni za kuseri kwa tchalitchi, anzanga a pa wodi akumva. Anthu ena asanu a mumpingo anadwalanso. Tadala anatuluka patatha masiku awiri ali bwinobwino, koma mantha aja anali atasanduka ukali.

A Chikopa anabwera kunyumba kawiri ndi nthochi. Sindinatuluke, anawalandira amuna anga. Ndiye Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira ndinangoona akulowa mu holo, tayi ili m'khosi, mphika uli m'manja. Munali nyemba chabe. Anayala kansalu kawo, n'kuika mphikawo pamalo pake.

Zimene ndinachita ndizinena mosabisa. Ndinadzuka, ndinanyamula mphika uja, ndinadutsa nawo holo yonse, n'kukauika pansi pafupi ndi chitseko, pamene timasiya maambulera ndi nsapato zonyowa. Kenako ndinatembenuka.

"Kuno si ku esiteti kwanu," ndinatero, mokweza. "Wanu munaika kale. Mukufuna ifenso tiike athu?"

Mwana wina anagwetsa foloko ndipo aliyense anaimva. A Chikopa anayenda pang'onopang'ono, koyamba kuwaona akuyenda choncho, anawerama, anatola mphika wawo, n'kuukulunga m'nsalu.

"Pepani, a Sisitala," anatero. Anatuluka, kansalu kopinda kaja n'kukaiwala patebulo.

Pali chinanso chimene sindinauzepo munthu. Tsiku limene anthu anadwala lija, mpunga wa Mayi Nachisale unakhala kumbuyo kwa galimoto kuyambira m'mawa mpaka mapemphero kutha, padzuwa lomwelo. Onse amene anadwala anadya zonse ziwiri, ndiwo ndi mpunga. Ine monga namwino ndimadziwa bwino lomwe zimene mpunga wofunda umachita m'mimba mwa munthu. Palibe amene anayeza chakudya chilichonse. Mwina zinali ndiwo, mwina mpunga, mwina zonse. Koma Mayi Nachisale ali ndi mwamuna, ali ndi galimoto, ali ndi pakamwa. A Chikopa analibe wowaimira. Ndinakalipira amene sakanandiyankha, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkanyamula mphika uja.

Ndinkayesa kuti sadzabweranso. Patatha masabata awiri ndinamva kugogoda masana, nditangochoka ku shifiti ya m'mawa. Anali iwo, chipewa chili m'manja, kope la ana asukulu lili m'khwapa.

"Ndabwera kusukulu," anatero. "Inu munaphunzira za tizilombo, ine sindinaphunzire. Mundiuze mmene ndiwo zija zimasungidwira, ndilembe."

Abale, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene anayamba kuphika ine ndisanabadwe! Mukuganiza kuti ndinawapatsa mpando? Ndinawasiya chiimire mukhonde la m'nyumba, pakati pa majekete opachika, ndipo ankalemba atatsamiritsa kope kukhoma. Ine ndinapinda manja n'kumayankhula ngati ndikuphunzitsa wophunzira waulesi. Muchotse kakhungu konse, mutsuke madzi angapo. Muwiritse mphindi khumi ndi zisanu zathunthu, madzi akuwira, ndipo madziwo mutaye. Mukaphika, musasiye mumphika. Muyale m'mbale yosazama kuti zizizire msanga, ndipo maola awiri asanathe zikhale zili mufiriji. Mufiriji masiku awiri, zikapitirira apo zipite mufiriza, mutalemba tsiku. Potulutsa, zisungunukire mufiriji, osati pazenera, ndipo muziphikenso mpaka zitenthe mkati monse. Chimene chasungunuka sichibwereranso mufiriza. Chimene chasungunuka n'kukhala pofunda, tayani.

"Kutaya? Osanunkhiza kaye?"

"Osanunkhiza."

"Nanga Mulungu anatipatsa mphuno ya chiyani, a Sisitala? Ine mphuno iyi yandigwirira ntchito zaka makumi atatu."

"Mphuno imanama, bambo. Tizilombo tina sitinunkha."

Ndinaona kuti mawu amenewa awapweteka kuposa onse, chifukwa ndinali nditawalanda chida chawo chomaliza. Kenako anatembenukira kukhoma n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, MPHUNO IMANAMA, n'kudula mzere kunsi kwake. Anathokoza, anafunsa za Tadala, n'kupita. Ngakhale tiyi sindinawapatse.

Chilimwe chomwecho banja lina losamukira ku Leeds linawasiyira kafiriza kakang'ono, kofika m'chiuno. Iwo ndi a Rai anakakankha pa ngolo ya m'sitolo kudutsa misewu itatu, anthu akuwayang'ana. Anakaika m'chipinda chawo pafupi ndi bedi, n'kukafunditsa chitenje cha Esinati, Baibulo pamwamba. Nthawi ya michira ikafika, ntchito inkayamba ngati ya mufakitale: wotchi patebulo, madzi akuwira, thireyi yoyalapo, timapaketi tophwatalala, tepi yolembapo dzina ndi tsiku. Nsinjiro anasiya kuthira pa zosunga, ankati zimenezo n'za tsiku lodya. Zenera lija anasiya kuikapo ngakhale botolo la madzi.

Kutchalitchi anabwerera patatha miyezi itatu, ndipo anabwera ali munthu wovuta kuposa kale. Ankavula wotchi n'kuiika pafupi ndi mphika wawo. Maola awiri akakwana ankaomba m'manja kuti nthawi yatha, aliyense alongedze, kaya munthu akadali ndi fupa m'kamwa. Azimayi ankadandaula kuti a Sisitala mwatipangira chilombo. Tsiku lina ndinawamva akufunsa Mayi Nachisale, mwaulemu wonse, kuti mpunga wawo wagona kuti ndipo wayenda bwanji. Mayi Nachisale anakwiya mpaka duku kupendekeka. Ine ndinayang'ana m'mbale mwanga. A Chikopa sanandiyang'ane, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa.

Anthu anayambanso kudya ndiwo zawo, poyamba mozemba, kenako poyera. Pofika Meyi wotsatira mphika wa michira unkathanso mpaka kukanda. Anthu asanu amene anadwala aja nawonso anadya. Ine ndekha ndinkafika pamphikapo n'kudumpha, ndipo Tadala ndinamuletsa. Iwo sanamuikirepo ngakhale kamodzi ine ndisanalole. Ankangoima kuseri kwa mphika wawo, chipande chili m'manja, akugawira anthu, maso ali pa mbale yanga. Ikadutsa, ankagawira wotsatira.

Musaganize kuti ndinkaopa kudwala. Mu Rotherham yense munalibe chakudya chosungidwa mosamala kuposa chimenecho. Ndinkadziwa kuti ndikangolawa, ndiyenera kunena pepani, ndipo pepani wake sanali wa mphika wokha. Anali wa mawu aja okhudza Esinati. Mawu amenewo ndinkawamva m'khutu nthawi iliyonse ndikawaona, ndipo m'malo mowayandikira ndinkachita manyazi n'kuumitsa khosi. Ndiye ndinkati firiza yadzaza.

Ndipo iwo ankasungadi. Meyi wina anandiuza akumwetulira kuti zanga za chaka chatha zinakwana chaka, ndiye anadya okha potsatira lamulo langa, koma ndisadandaule, aikamo zatsopano. Ananena ngati akupereka lipoti kwa bwana. Ndinaseka nawo, kenako ndinakalira m'chimbudzi cha tchalitchi, n'kutsuka kumaso, n'kubwerera kukagawa tiyi. Ngakhale pamenepo sindinapepese.

Mu Januwale chibayo chinawagwira. Anawagoneka pa chipatala chathu, wodi ya pansi, ine ndimagwira ya pamwamba. Ndinkatsika pa nthawi yopuma masana. Anali atachepa, opanda tayi, ndipo ndinazindikira kuti khosi lawo ndinali ndisanalionepo. Koma pakamwa panali pomwepo. Anandiuza kuti amene amaphika phala la m'chipatala muno ndi munthu wodana ndi anthu, ndipo ndikamupeze ndimuuze kuti a Chikopa akumufuna. Supuni yawo inali pa kakabati, pafupi ndi mankhwala.

Tsiku lomaliza kulankhula nawo anandikoka dzanja.

"Mwana wanga, zanu zija zili pansi penipeni. Mapaketi asanu ndi limodzi. Zikwana chaka mu Meyi, musachedwe nazo."

"Mukatuluka mudzandiphikira nokha, bambo. Ndidzadya."

"Mwanena nokha, a Sisitala?"

"Ndanena ndekha."

Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ndinachita kuwadzutsa n'kuwasisita kumsana. Atapuma anati ndiye ndikasake nsinjiro zabwino, osati za m'botolo zija. Ndinaganiza kuti pepani ndidzamunena tsiku limenelo, mbale ili patsogolo panga, pamene zidzakhale zosavuta. Patatha masiku atatu anamwalira, m'mawa, ine ndikugawa mankhwala pa wodi yanga, pamwamba pawo penipeni.

Kuno maliro sachita changu ngati kwathu. Patapita masiku anayi ndinapita kunyumba kwawo kukatenga jekete ndi tayi zoti tiwaveke. A Rai anandilandira pakhomo, ndipo tinadikira munthu wa kampani yoyang'anira nyumbazo kuti adzatsegule chipinda, chifukwa anali atachikhoma. Anali mayi waulemu ndithu, anatipepesa. Anafotokoza kuti mwini chipinda akamwalira, lamulo lawo ndi kuzimitsa ndi kuzula chilichonse cha magetsi tsiku lomwelo. Ine mawuwo anangondidutsa, mpaka pamene ndinaponda pa kapeti n'kumva kunyowa.

Chingwe cha firiza chinali chitakulungidwa bwinobwino pamwamba pa chitenje. M'chipindamo munali mofunda, poti mapaipi otenthetsa nyumba sanazimitsidwe. Ndinachotsa Baibulo, ndinachotsa chitenje, n'kutsegula. Munali madzi okhaokha. Pamwamba panali nyemba ndi masamba ena. Pansi penipeni panali mapaketi asanu ndi limodzi, osanjidwa mwadongosolo, lililonse lili ndi tepi yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zija: MAYI A TADALA. Anali ofewa. Ndinaika limodzi patsaya, silinali lozizira n'komwe.

Ndinang'amba limodzi n'kununkhiza. Abale inu, silinkanunkha kanthu. Linkangomveka fungo la udzu wonyowa, michira ili yobiriwira, yopindika bwinobwino, yotsukidwa mopanda kakhungu ngakhale kamodzi. Ndinauza a Rai kuti ndipita nazo, ndikaziwiritsa ola lathunthu, ndikadya ndekha, mwana sindimupatsa. Ndinkayankhula mofulumira, ndikulowetsa mapaketi m'chikwama changa.

A Rai anapita pa kashelefu, anatenga kope lija, n'kutsegula tsamba loyamba. Chichewa sadziwa kuwerenga, koma tsambalo ankalidziwa, chifukwa a Chikopa anali atawerengera nyumba yonse kambirimbiri, akumasulira ndi manja. Anaika chala pa mzere wodulidwa kunsi uja, kenako pa wina wa pamwamba pake. Chimene chasungunuka n'kukhala pofunda, tayani. Mawu anga, dzanja lawo, zilembo zopendekeka chifukwa ankalembera kukhoma.

Ndinakhala pa bedi lawo n'kulira mokweza, kulira kwa kumudzi, mayi wa kampani uja mpaka anatuluka. Munthu uyu anasunga lamulo langa zaka zinayi, osaphonya tsiku, kuti tsiku lina ndidzadye ndisakuopa. Ndikanati ndidye tsopano, ndikanakhala ndikuwauza kuti zonse zija ndinangonena, kuti anavutika pachabe. Ndinatsika nawo mapaketi aja kuseri kwa nyumba. A Rai anandigwirira chivindikiro cha bini, ndipo ndinataya limodzilimodzi. Pa lomaliza ndinati pepani, bambo. Anamva ndi a Rai okha, amene sadziwa tanthauzo lake.

Tinawaika ku manda omwe kuli Esinati, mizere ingapo kuchokera pa iye. Supuni tinaibwezera m'thumba la jekete.

Mu holo, kumapeto kwa tebulo cha kuzenera, sipaikidwa mphika. Palibe amene analamula zimenezi. Mlendo akaikapo wake mosadziwa, Mayi Nachisale ndi amene amapita kukausuntha, osanena chifukwa. Maola awiri amakwana n'kupitirira, palibe woomba m'manja, ndipo ine ndimayang'ana wotchi koma mawu satuluka. A Rai anasamutsidwira ku Liverpool mwezi watha, ndiye michira ya kuseri ija chaka chino palibe woithyola. Masabata awiri akubwerawa itambasuka, ikhala masamba wamba okongoletsa khoma.

Nditabwera kuchokera kutchalitchi Lamulungu lapitali ndinatsegula firiza yanga kuti nditulutse nkhuku ya madzulo. Ili ndi madirowa atatu. Ndinakoka la pansi, ngakhale ndinkadziwa kuti nkhuku ili pamwamba. Muli kapaketi ka nsawawa kotsala theka, ndi thireyi ya ayezi. Ndi mmene lakhalira zaka zonsezi. Silinadzazepo ngakhale kamodzi, ndipo mapaketi asanu ndi limodzi akanakwanamo, malo n'kutsalanso.